Chipukutamisozi chisadikire chigamulo cha khoti

Chiyambire pamene maiko olemera anadula thandizo lawo m'chaka cha 2025, anthu ogwira ntchito m'madera a nkhondo akhala akukokanakokana pa funso limodzi: kandalama katsalaka kapite kuti? Ena akuti kagulire mankhwala basi, zinazo tidzaona nkhondo ikadzatha. Ena akuti kapite ku makhoti kuti ogwiririra amayi amangidwe, anzawo atengerepo phunziro. Ndiye pali gulu lachitatu, lomwe anzawo amaliseka kuti likulota dzuwa likuswa mtengo. Gululi likuti mayi amene anagwiriridwa pa nkhondo apatsidwe chipukutamisozi m'manja mwake tsopano lino, woweruza asanatsegule n'komwe fayilo. Ine ndili ku gulu lachitatuli. Boma limene linalephera kuteteza mayiyo, kapena limene asilikali ake omwe ndiwo anamulakwira, lili naye ngongole. Wokongola sasankha yekha tsiku lobweza, ndipo sauza mwini ndalama zoti akagule nazo.

Kuti timvane bwino, tiyambe taona ulendo wa mayi wotereyu. Ali ndi maola 72 okha oti ayambe kumwa mankhwala a PEP omuteteza ku kachirombo ka HIV, ndi masiku 5 oti amwe mankhwala oletsa pathupi. Chipatala chili kutali, ndipo m'njira muli zipata za anthu amfuti, mwina a gulu lomwelo lomwe lamuvulaza. Tinene kuti wafika. Amutsuka mabala, amusoka, ndipo ngati chikhodzodzo chinabooka moti mkodzo ukungodontha, amuchita opaleshoni ya fistula. Pakatha milungu ingapo amutulutsa. Apa m'pomwe malipoti ambiri a mabungwe amathera, ndi chiwerengero cha amayi omwe athandizidwa. Koma mayi uja pofika kwawo apeza mwamuna wamuponyera zovala panja. Apongozi sakudya chakudya chophika iye. Kumunda komwe anamugwirira sangayerekeze kupondako, mbuzi zinapita ndi zigawenga, mwana anasiya sukulu chifukwa cha fizi. Njala ikawawa adzapitabe kuthengo kukatola nkhuni zogulitsa, kuthengo komwe kuja, kwa anthu omwe aja. Dr Denis Mukwege, yemwe anatsegula chipatala cha Panzi ku Bukavu m'dziko la Congo mu 1999, anaziona zimenezi ndi maso: amayi omwe anawasoka kale ankabweranso atagwiriridwa kachiwiri. N'chifukwa chake ntchito ya Panzi lero yakhazikika pa nsanamira zinayi: mankhwala, uphungu wa m'maganizo, thandizo la malamulo, ndi kumuimiritsanso mayi pachuma. Ndipo mu 2019, patangotha chaka iye ndi Nadia Murad, mayi wa ku Iraq yemwe anapulumuka ukapolo wa pa nkhondo, atalandira mphoto ya mtendere ya Nobel, awiriwa anakhazikitsa thumba la Global Survivors Fund, lomwe limapereka chipukutamisozi choyambirira kwa opulumuka pomwe maboma akuzengereza. Dokotala wa mpeni ndi ulusi akafika poti mpeni ndi ulusi n'zosakwanira, ndi bwino kumumvera.

Otsutsa oyamba ndi anthu a malamulo, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Iwo amati chipukutamisozi chimatsatira chigamulo: khoti lipeze wolakwa, litchule mlandu, kenaka lilamule malipiro. Mukadumpha khoti, akutero, mwapatsa boma njira yotsika mtengo yothawira chilungamo, lingogawa tindalama, akuluakulu a asilikali n'kumangoyenda mwaufulu. Nanenso khoti ndimalifuna. Chigamulo cha 1998 pa mlandu wa Jean-Paul Akayesu, pomwe khoti la United Nations loweruza milandu ya ku Rwanda linanena koyamba kuti kugwiririra kutha kukhala njira yofafanizira mtundu wa anthu, chinasintha mbiri. Komabe tiyeni tiwerenge zaka ndi mitu ya anthu. Ku Minova, kum'mawa kwa Congo, mu November 2012, asilikali a boma la Congo othawa mumzinda wa Goma anagwiririra amayi osachepera 102 ndi atsikana 33, malinga ndi kafukufuku wa bungwe la United Nations. Asilikali 39 anaimbidwa mlandu, ndipo mu 2014 awiri okha ndiwo anapezeka olakwa pa mlandu wogwiririra. Jean-Pierre Bemba, mtsogoleri wa gulu la amfuti la ku Congo, anapezeka wolakwa ku khoti la milandu ikuluikulu la padziko lonse la ICC mu 2016 pa zomwe asilikali ake anachita ku Central African Republic mu 2002 ndi 2003. Atachita apilo anamasulidwa mu 2018, ndipo anthu oposa 5,000 omwe analembetsa ngati olakwiridwa anatsala manja ali m'khosi. Hissène Habré, yemwe analamulira Chad kuyambira 1982 mpaka 1990, anagamulidwa ku Dakar m'dziko la Senegal mu 2016, ndipo mu 2017 khoti la apilo linalamula kuti anthu 7,396 alandire ndalama zokwana 82 biliyoni za CFA, ndalama ya kumeneko. Mkuluyu anamwalira mu 2021 anthuwo asanaone ngakhale khobidi. Pa mlandu wa Dominic Ongwen wa gulu la zigawenga la LRA ku Uganda, zolakwazo zinachitika pakati pa 2002 ndi 2005, koma lamulo la chipukutamisozi linatuluka mu 2024: mayuro 750 kwa aliyense mwa anthu pafupifupi 50,000, ndipo popeza Ongwen alibe kanthu, ndalamazo ziyenera kupemphedwa kwa maiko akufuna kwabwino. Mtsikana amene anabedwa ali ndi zaka 14 panthawiyo, lero ndi mayi wa ana akuluakulu.

Pachifukwa ichi, kunena kuti mayi adikire khoti n'kumuuza mwaulemu kuti asadzalandire kanthu. Ambiri sadziwa ngakhale dzina la amene anawalakwira. Anabwera usiku, anali anayi kapena asanu, analankhula chinenero china. Adzamuloza ndani m'bwalo? Chonsecho njira ina ilipo kale ndipo ikuyenda. Ku Bosnia, lamulo la 2006 m'chigawo cha Federation linazindikira ogwiriridwa pa nkhondo ngati anthu wamba ovulala pa nkhondo, oyenera ndalama za mwezi ndi mwezi. Ku Kosovo, mu 2018 komiti ya boma inayamba kumva nkhani ya munthu mwachinsinsi, ndipo ikamutsimikiza ankalandira mayuro 230 pamwezi. Iraq inakhazikitsa lamulo lotere mu March 2021 pofuna kuthandiza amayi a mtundu wa Yazidi ndi ena omwe anasungidwa ukapolo ndi gulu la zigawenga la ISIS. M'malo monsemu mlandu wa wolakwa sufa chifukwa choti mayi walandira ndalama. Ndipotu amene wadya, wagona pabwino ndipo ali ndi ndalama ya basi ndiye amene angakwanitse kupita kukachitira umboni kasanu, mlandu ukamangoimitsidwa. Mboni yanjala imagwa ulesi msanga, komanso imagulika.

Ena kudandaula kwawo n'kwa mumtima. Amati ulemu wa munthu sugulidwa, ndipo kuika mtengo pa kugwiriridwa n'kumunyoza mayi kachiwiri. Amakumbukira, moyenera ndithu, chizolowezi choipa chija chopezeka m'madera ambiri a nkhondo, choti mabanja awiri amakhala pansi, wolakwa n'kupereka mbuzi kapena kandalama kwa bambo kapena amalume a mtsikana, nkhani n'kuthera pompo, mwinanso mtsikanayo n'kumukwatitsa kwa yemwe anamugwirirayo. Yankho langa ndi lalifupi. Pa mgwirizano wa mbuziwo wolandira ndi mwamuna wa m'banjamo, cholinga ndi kutseka pakamwa, ndipo mtsikana safunsidwa. Pa chipukutamisozi chenicheni wolandira ndi mwiniwake, ndipo ndalamayo imabwera pamodzi ndi mawu a boma ovomereza kuti zinachitikadi, ndipo wolakwa si iye. Msilikali woduka mwendo kunkhondo akamalandira penshoni palibe amene amati boma lagula mwendo wake.

Mfundo imene imandiimitsa mutu kwenikweni ndi yachitatu, ndipo ndichedwapo. Imachokera kwa anthu omwe akhala nthawi yaitali kum'mawa kwa Congo. Iwo anaona kuti m'zaka zomwe dziko lonse linkakamba za kugwiririra kokhakokha, ndalama zinakhamukira ku mutu umodziwu, moti panali malo omwe mayi wa fistula yobwera chifukwa cha uchembere wovuta ankapeza opaleshoni yaulere mosavuta akanena kuti anagwiriridwa. Katswiri wina wofufuza, Séverine Autesserre, analemba za vutoli mu 2012. Ndiye akuti: mukaika ndalama patebulo, kodi si ndiye kuti mudzi wonse udzabwera kudzalembetsa? Nanga mayi amene mwamuna wake anaphedwa, kapena amene nyumba yake inatenthedwa, adzamuona bwanji mnzake amene walandira? Kuwonjezera apo, kusankha ogwiriridwa okha n'kuwaika chizindikiro pamphumi, poti aliyense akaona mayi akutuluka mu ofesi ija adziwa chomwe chinamuchitikira. Zonsezi n'zoona, ndipo amene amazikana sanakhalepo pamzere wa thandizo.

Koma tikaziyang'anitsitsa, zolakwikazi ndi za kakonzedwe ka ntchito. Mayi wa fistula amene ananama uja analidi wodwala. Amene analakwa ndi yemwe anatseka khomo la chipatala n'kusiya kabowo kamodzi kolowera. Chithandizo cha mankhwala chikhale cha mayi aliyense wa m'deralo osafunsa chomwe chinamuvulaza, bodzalo litha lokha. Amasiye ndi otenthedwa nyumba nawonso ali ndi ngongole yawo kwa boma, ndipo lamulo la Colombia la 2011 lokhudza olakwiridwa pa nkhondo linawaika onse pamodzi. Kukhalapo kwa ngongole ziwiri si chifukwa chokanira kubweza imodzi. Za chinsinsi, nzeru ziliko: ofesi yothandiza amayi pa zinthu zambirimbiri kuti wolowamo asadziwike wabwerera chiyani, ndalama zotumizidwa pafoni kapena ku akaunti ya mwiniwake, alangizi omwe ndi opulumuka anzake. Ku Guinea, komwe amayi oposa 100 anagwiriridwa pa chipwirikiti cha pa bwalo la zamasewera ku Conakry pa 28 September 2009, opulumuka eni ake anakhala nawo m'komiti yokonza ntchito ya Global Survivors Fund, ndipo thandizo linawafika mlandu usanayambe n'komwe. Mlanduwo unayamba mu 2022, chigamulo chinatuluka mu 2024, ndipo mu 2025 Moussa Dadis Camara, mtsogoleri wa dzikolo panthawi ya chipwirikiticho, yemwe khoti linamulamula kukhala kundende zaka 20, anakhululukidwa ndi boma. Akanadikira khoti amayi aja, bwenzi akudikira chiyani lero?

Ndiponso mantha oti anthu adzanamizira kugwiriridwa amaiwala mbali imene vuto lenileni lili. Ku Kosovo chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi cha anthu pafupifupi 20,000 ogwiriridwa pa nkhondo ya 1998 ndi 1999, koma patatha zaka zisanu khomo lili chitsegulire, ofunsira anali asanafike ngakhale 3,000. Ndalama ili apo, mwezi ndi mwezi, koma mayi akusankha umphawi kusiyana n'kuti mwamuna wake ndi ana ake adziwe. Manyazi ndi mlonda woopsa kuposa komiti iliyonse. Tsono tiyerekeze ndi momwe dziko lapansi limachitira ndi amuna amfuti. Nkhondo ya ku Liberia itatha mu 2003, womenya nkhondo aliyense wotula zida ankalandira madola 300. Okonza ntchitoyo ankayembekezera anthu pafupifupi 38,000. Analembetsa oposa 100,000, pomwe mfuti zotoleredwa sizinafike 30,000. Panali poti munthu ankangobweretsa zipolopolo 150 n'kulowa m'kaundula. Aliyense ankadziwa kuti ambiri mwa iwo sanamenyepo nkhondo, koma ntchitoyo inapitirira, poti mtendere unali wofunika kuposa kulondola kwa kaundula. Sindikutsutsa zimenezo. Chomwe chimandinyansa n'chakuti chifundo chomwecho chimauma mayi wogwiriridwa akafika kutsogolo kwa mzere. Wonyamula mfuti timamukhulupirira ndi zipolopolo za m'thumba, wolozedwa mfuti timamufunsa kalata ya dokotala ya zaka 10 zapitazo.

Kenaka pali aja okonda kunena kuti ndalama m'manja mwa mayi wosauka, wosweka mtima, idzangotha ngati madzi a m'dengu, kapena mwamuna adzailanda; kuli bwino kumuphunzitsa ntchito yamanja. Choopsa cha kulandidwa chilipodi, ndipo chimachepa ndalama ikaperekedwa m'zigawo, pa dzina la mayiyo, pali mlangizi woyenda naye. Koma maphunziro a ntchito yamanjawa tiwaonenso bwino. M'misasa yambiri ya othawa nkhondo nkhani ndi imodzimodzi: amayi 30 aphunzira kusoka, ena 30 kupanga sopo, pamapeto pali mwambo, satifiketi ndi chithunzi. Miyezi itatu ikatha, matelala 30 akulimbirana makasitomala omwe alibe ndalama yogulira nsalu, makina osokera agulitsidwa kuti mwana apite kuchipatala. Palibe anafunsa mayiyo ngati akufuna kusoka. Mwina iye ankafuna kadimba kufupi ndi nyumba kuti asamapite kutali, mwina malata, mwina kusamukira kutauni komwe palibe womudziwa, mwina kubwerera kusukulu. Chimene wogwiririra analanda choyamba ndi mphamvu ya mayiyo yosankha. Thandizo lomusankhira zonse, ngakhale la mtima wabwino, likupitiriza kumulanda chomwecho. Ndipo amene amakayikira nzeru za amayiwa pa ndalama akumbuke za mu 2012. Anthu amfuti atalowa kunyumba kwa Mukwege mu October chaka chimenecho n'kupha mlonda wake, dokotalayo anathawira ku Ulaya. Amayi omwe anawachiza anasonkha ndalama za tikiti ya ndege pogulitsa zinanazi ndi anyezi, ndipo mu January 2013 anabwerera ku Bukavu. Amenewa ndiwo anthu omwe tikuti sangasunge mpamba wa bizinesi?

Ndivomereze apa kuti ndalama payokha simuchotsera munthu maloto oipa. Mayi amene sagona, amene akamva chitseko chikumenyetseka amanjenjemera thupi lonse, sangayendetse geni ngakhale atapatsidwa mpamba wochuluka bwanji. Chosangalatsa n'chakuti uphungu sulira madokotala a ubongo ochokera kunja. Kafukufuku wochitika m'midzi ya kum'mawa kwa Congo, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, anaonetsa kuti uphungu wa m'magulu, wotsogoleredwa ndi alangizi a komweko ophunzitsidwa kwa nthawi yochepa, unachepetsa kwambiri nkhawa ndi kuvutika maganizo kwa amayi ogwiriridwa, m'dera lomwe mfuti zinali zisanaleke kulira. Choncho uphungu ndi chipukutamisozi ziyendere limodzi, ngati mmene Panzi imachitira, ndipo chimodzi chisakhale chodzikhululukira chomanira chinzake.

Zotsatira za kafukufuku ameneyu zikuyankhanso otsutsa otsiriza, omwe amati choyamba nkhondo ithe, ndipo maboma a m'maiko a nkhondo ndi osauka. Kum'mawa kwa Congo nkhondo yakhala ikuzima n'kuyakanso kwa zaka pafupifupi 30. M'chaka cha 2023 chokha, madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières anathandiza anthu oposa 25,000 ochitiridwa nkhanza zogonana m'dzikomo, ndipo kumayambiriro kwa 2025 mizinda ya Goma ndi Bukavu inagwa m'manja mwa gulu loukira boma la M23. Mwana wobadwa nkhondoyi ikuyamba ali ndi ana ake tsopano. Kumuuza kuti adikire mtendere n'kumuuza adikire imfa. Za umphawi wa maboma, ndimazimva mokayikira, chifukwa boma lomwe likumenya nkhondo silisowa ndalama ya zipolopolo. Congo yomweyo mu 2022 inakhazikitsa lamulo lopanga thumba la FONAREV, lolandira gawo la msonkho wa migodi kuti lithandize olakwiridwa. Ganizolo ndi labwino kwambiri, poti miyala yomwe ikulimbiranidwayo ndiyo iyenera kulipira. Chofunika tsopano n'kuwerenga poyera kuti pa ndalama iliyonse yolowa m'thumbamo, ingati ikufika m'manja mwa mayi ndipo ingati ikuthera m'misonkhano ya m'mahotela. Nawo maiko akuluakulu asabisale. Khonsolo ya chitetezo ya United Nations (Security Council), momwe iwo amakhala, inavomereza mfundo zokhudza amayi pa nkhondo: mfundo 1325 mu 2000, mfundo 1820 mu 2008, mfundo 2467 mu 2019 yomwe imati wopulumuka akhale patsogolo pa zonse. Mapepala ndiye alipo okwanira kufolera nyumba.

Pali mbali ina ya ngongoleyi yomwe silira ngakhale dola imodzi, ndipo amene amadandaula za bajeti saitchula. Mu 2014, amayi a Yazidi atayamba kuthawa m'manja mwa ISIS, mtsogoleri wawo wachipembedzo, Baba Sheikh, analengeza kuti obwererawo akadali a Yazidi ndipo alandiridwe. M'chikhalidwe chomwe kale mayi wotere akanatayidwa, mawu a nkhalamba imodzi anatsegula makomo omwe bungwe lililonse silikanatsegula. Mafumu, abusa ndi mashehe a m'madera ena a nkhondo ali ndi mphamvu yomweyo, ambiri sanaigwiritse ntchito. Koma ngakhale kumeneko khomo linatseguka theka. Mu 2019 khonsolo ya chipembedzo cha Yazidi inanena kuti ana obadwa kwa abambo a ISIS salandiridwa, ndipo malamulo a Iraq amalemba mwana wotere ngati Msilamu, kutsata bambo. Lamulo la 2021 lija, lomwe limalonjeza mayi malipiro a mwezi, malo ndi sukulu, silinanene kanthu za anawa. Ndiye pali amayi omwe anauzidwa kuti asankhe: kubwerera kwawo okha, kapena kukhala kunja ndi mwana. Ena anasiya ana awo kumalo osungira ana amasiye ku Syria n'kuwoloka malire manja ali lende, ndipo lero ali m'kaundula wa boma ngati amayi omwe athandizidwa.